Wapolisi nayenso amadwala maganizo

Phunziro la ulendo uno likukhudza anthu amene ambiri a ife sitiwaganizira tikamakamba za odwala. Tikunena apolisi. Ife okhala m'malire timakumana nawo kawirikawiri kuposa anthu a madera ena: pa Calómuè, pa Zóbuè, pa Biri-Biri, pa Cassacatiza, pa msika, ngakhale pa msewu pamene tanyamula mbatata kapena chimanga pa njinga. Ena timawaopa, ena timakwiya nawo, ndipo alipo amene afunse kuti, "Kodi wayilesi yathu yasowa nkhani kuti izikamba za apolisi?"

Funsolo n'lomveka, ndipo tiliyankha. Wapolisi ndi mwana wa munthu. Amachita lendi nyumba m'mudzi mwathu, amakwatira mwana wathu, ana ake amaphunzira kalasi imodzi ndi ana athu. Mabanja ena amene akuwerenga tsambali ali ndi mwana kapena mlamu amene anapita kukaphunzira upolisi ku Matalane, ndipo lero akugwira ntchito kutali. Kuwonjezera apo, wapolisi amanyamula mfuti. Mlimi akasokonezeka maganizo, amavutika ndi iyeyo ndi a pabanja pake. Wapolisi akasokonezeka maganizo, tsoka likhoza kugwera aliyense amene wakumana naye tsiku limenelo.

Tinene msanga chinthu chimodzi kuti tisamvane molakwika. Matenda si chowiringula. Wapolisi wolandira ziphuphu, wolanda katundu wa anthu kapena womenya munthu popanda chifukwa walakwa, ndipo ayenera kuyankha mlandu. Phunziro lino silikufuna kuyeretsa zoipa zimenezo. Likufuna kuti tidziwe kusiyanitsa munthu woipa mtima ndi munthu wodwala, pakuti wodwalayo angathe kuchira.

Zimene maso awo amaona

Ambiri mukukumbukira tsiku la 17 Novembala 2016, pamene galimoto yonyamula mafuta inaphulika pa Caphiridzange, m'boma la Moatize, anthu akutunga petulo. Anthu oposa 70 anafa, ndipo ena ambiri anapsa koopsa. Mukukumbukiranso mwezi wa Malichi 2020, pamene galimoto yochokera ku Malawi inaimitsidwa pa sikelo ya pa Mussacama. Atatsegula kontena anapezamo anthu 64 a ku Ethiopia atafa chifukwa chosowa mpweya, ndipo 14 okha ndiwo anali moyo. Ife tinamva nkhanizi pa wayilesi, tinagwira pakamwa, kenaka tinapita kumunda. Koma analipo anthu amene ntchito yawo inali kutsegula chitseko chija, kuwerenga mitembo, kuthamangitsa anthu odzaonerera ndi kulemba lipoti. Atamaliza anabwerera kunyumba, anawapatsa nsima, ndipo m'mawa mwake anadzukira ku ntchito ngati palibe chimene chachitika.

Zimenezo ndi ngozi zikuluzikulu. Zing'onozing'ono zilipo sabata ndi sabata. Njinga yamoto ikawombana ndi lole pa msewu wa ku Zóbuè, wapolisi ndiye amatola thupi. Munthu akamira mu mtsinje nthawi ya dzinja, akadzimangirira, akaphedwa pa mowa, achibale amauzidwa kuti asakhudze mtembo mpaka apolisi afike. Apolisi a ku ofesi yolandira madandaulo a amayi ndi ana amamva tsiku ndi tsiku nkhani za ana ogwiriridwa, ena a msinkhu wofanana ndi ana awo omwe.

Palinso nkhondo. Chiwembu choyamba cha zigawenga ku Cabo Delgado, pa 5 Okutobala 2017 ku Mocímboa da Praia, chinalunjika pa malo a apolisi, ndipo kuyambira pamenepo apolisi ochokera m'zigawo zosiyanasiyana akhala akutumizidwa kumeneko. Ena anabwerako atataya anzawo. Pa zipolowe zimene zinatsatira chisankho cha Okutobala 2024, anthu wamba ambiri anafa ndi zipolopolo, apolisi ena anaphedwanso, ndipo maposito ena anatenthedwa. Mabanja amene anataya ana awo ali ndi chisoni chawo ndi mkwiyo wawo, ndipo palibe angawatsutse. Koma dziwaninso kuti munthu amene anawombera, kapena amene anaima pafupi mnzake akuwombera, nthawi zambiri sagona bwino pambuyo pake. Chikumbumtima chimadwalitsa monga mmene mantha amadwalitsira.

Si zoopsa zokha ayi

Munthu angaganize kuti chimene chimadwalitsa wapolisi ndi magazi okha. Sichoncho. Kavalidwe ka ntchito ya tsiku ndi tsiku kamamudya pang'onopang'ono ngati chiswe.

Choyamba ndi tulo. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7 pa tsiku, koma wapolisi wa usiku amagona masana, pamene ana akusewera pakhomo ndipo wayilesi ya oyandikana nawo ikulira. Ofufuza a ku Australia anaonetsa mu 1997 kuti munthu amene wakhala maola 17 osagona amachita zinthu mochedwa ndi molakwitsa ngati munthu amene wamwako mowa, ndipo akafika maola 24 amafanana ndi woledzera. Taganizani tsono munthu woteroyo ali ndi mfuti pa chipata, ndipo wina akumuyankha mwano.

Chachiwiri ndi kukhala kutali ndi kwawo. Wapolisi wa m'malire akhoza kukhala wochokera ku Gaza, ku Nampula kapena ku Zambézia. Chinyanja sachimva bwino, mkazi ndi ana anawasiya kwawo, maliro a achibale amangowamva pa foni. Kuzizira kwa ku Tsangano mwezi wa Juni sikumusiya. Akaweruka alibe woti acheze naye, kupatula anzake a pa ntchito ndi botolo. Onjezanipo ngongole, achibale amene amaganiza kuti aliyense wovala yunifolomu ali ndi ndalama, ndi lamulo la ntchito yawo lakuti wamkulu akalamula wamng'ono sayankha.

Mu 2020 akatswiri anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wochitika m'maiko 24, wokhudza apolisi oposa 270,000. Anapeza kuti pafupifupi wapolisi mmodzi mwa 7 alionse anali ndi matenda a kukhumudwa, mmodzinso mwa 7 anali ndi vuto lobwera pambuyo poona zoopsa, ndipo mmodzi mwa anayi ankamwa mowa mwa njira yowononga thanzi. Ambiri mwa maikowo ndi olemera, kumene apolisi ali ndi magalimoto ndi malipiro abwino. Kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti apolisi amene amathandizana ndi anzawo a pa ntchito savutika kwambiri ndi zoopsa zimene anaona. Mfundo imeneyi muisunge, tibwereranso pa iyo.

Zoopsa zikakana kuchoka m'mutu

Munthu aliyense akaona chinthu choopsa amasokonezeka kwa masiku angapo. Tulo timavuta, chakudya sichikoma, mtima umagunda. Amenewa si matenda, ndi mmene thupi limachitira, ndipo anthu ambiri amabwerera mwakale pakapita milungu yochepa. Koma zikapitirira mwezi wathunthu ndipo munthu akulephera kugwira ntchito kapena kukhala bwino ndi anzake, pamenepo ndi matenda. Kuchipatala amawatchula pa Chipwitikizi kuti *stress pós-traumático*.

Tiyerekeze wapolisi wina amene anatola mitembo ya anthu opsa ndi moto. Papita miyezi itatu. Usiku amalota ngozi ija, amadzuka akukuwa, thukuta lili thupi lonse. Masana akamva fungo la nyama yowotcha pa msika, mwadzidzidzi amaona ngati wabwerera pamalo paja: akumva kulira kwa anthu, miyendo ikunjenjemera. Sikuti akungokumbukira ayi, kwa iye zinthuzo zikuchitikanso nthawi yomweyo. Tsono amayamba kuzemba. Pa msika sapitanso, msewu wa pa ngozipo amaulambalala, wina akayamba nkhaniyo amatuluka panja. Mbale ikagwa kukhitchini amadzidzimuka ngati kwalira mfuti. M'tchalitchi amakhala pafupi ndi khomo. Mwana akamukhudza kumbuyo mosayembekezera amamukalipira, mwinanso kumumenya, kenaka n'kumadzimvera chisoni.

Chimene chikuchitika m'thupi mwake n'chakuti mbali ya ubongo imene imachenjeza munthu za ngozi yakana kuzima. Ili ngati galu amene anamenyanapo ndi fisi, ndipo tsopano amauwa ngakhale tsamba likagwa. Thupi limakhala lokonzeka kuthawa kapena kumenyana usana ndi usiku, ndipo limatopa. N'chifukwa chake anthu otere amadandaula mutu, msana, m'mimba ndi kuthamanga kwa mtima. Ena amayezetsa malungo kangapo konse, osawapeza.

Chizindikiro china chimene amayi a pakhomo amachiona msanga ndi kuzizira mtima. Bambo amene ankaseka ndi ana tsopano amangokhala duu, maso ali kutali. Mkazi amaganiza kuti mwina kwabwera mkazi wina. Nthawi zina zimakhaladi choncho, sitikana, koma nthawi zina munthuyo watseka mtima wake kuti asamve ululu, ndipo potero watsekeranso kunja chikondi.

Kukhumudwa, nkhawa ndi mowa

Kukhumudwa kumene tikunena pano si kuja kwa tsiku limodzi. Ndi matenda, *depressão* pa Chipwitikizi, ndipo amadziwika pamene munthu wakhala milungu iwiri kapena kuposerapo ali wachisoni pafupifupi tsiku lonse, kapena wataya chidwi pa zonse zimene ankazikonda. Mpira saufunanso, kusamba ndi kuchapa yunifolomu kumamulemera, amadzuka tambala asanalire n'kulephera kugonanso, amaonda, amaiwalaiwala, amadziona ngati wachabechabe. Tichenjezane apa: kwa amuna ambiri matendawa saoneka ngati chisoni. Amaoneka ngati ukali. Munthu amene ankadziwika kuti ndi wofatsa akayamba kupsa mtima pa zinthu zazing'ono, musafulumire kunena kuti udindo wamulowa m'mutu.

Nkhawa yopitirira muyeso imayenda limodzi ndi zimenezi. Ena amagwidwa ndi mantha aakulu mwadzidzidzi, mtima kugunda, mpweya kubanika, mpaka kuganiza kuti akufa, koma pakapita mphindi zingapo zimatha. Ngakhale zili choncho, kupweteka kwa pachifuwa kuyenera kuyezedwa kuchipatala, chifukwa matenda a mtima nawonso amayamba motero.

Tsono mowa. Apa ndi pamene ambiri amagwera, chifukwa mowa umaoneka ngati mankhwala. Wapolisi wosowa tulo akamwa kachasu amagonadi msanga. Koma tulo ta mowa n'tosakhalitsa. Amadzuka pakati pa usiku, maloto oipa amabwera mwamphamvu kuposa kale, ndipo mawa amafunika mowa wochulukirapo kuti agone. Chamba nachonso chimachita chimodzimodzi, ndipo kwa ena chimabweretsa kukayikira anthu ndi kumva mawu amene ena sakuwamva. Mudzadziwa kuti mowa wamugwira munthu pamene manja ake akunjenjemera m'mawa mpaka atamwako, pamene akubisa botolo, pamene malipiro akutha mwezi usanafike pakati, ndi pamene akupita ku ntchito ali ndi fungo.

Mfundo iyi muimvetse bwino, chifukwa imapulumutsa moyo. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse asasiye mowa mwadzidzidzi ali yekha kunyumba. Pakapita tsiku limodzi mpaka atatu akhoza kuyamba kunjenjemera thupi lonse, kugwa ngati wa khunyu, kuona zinthu zimene palibe, ndipo ena amafa. Kusiya mowa kwa munthu wotere kuchitike moyang'aniridwa ndi a chipatala. Ndipo inu ogulitsa mowa, kumupatsa wapolisi mowa waulere kuti akhale mnzanu si kumukonda.

"Mwamuna salira"

Mawu amenewa tinakula nawo, ndipo ku upolisi amawaonjezera mphamvu. Wapolisi amaphunzitsidwa kusaonetsa mantha. Pa ntchito zimenezo n'zofunika, pakuti sangalire pamaso pa anthu amene akuyembekeza kuti awathandize. Vuto ndi lakuti ambiri amalephera kuvula khalidweli akavula yunifolomu. Amaopa kuti akanena kuti sakugona, anzake amuseka, shefi amuona ngati wofooka, ndipo kukwezedwa pa ntchito kumuphonya. Apolisi aakazi ali ndi mtolo wina pamwamba pa umenewu: amafuna kuonetsa kuti ndi olimba ngati amuna, ndipo akaweruka ntchito ya pakhomo imakhala ikuwadikira.

Kumudzi nakonso tili ndi mayankho athu okonzeratu. Wapolisi akayamba kulankhula yekha kapena kukuwa usiku timati, "Amulodza anthu amene anawamanga," kapena, "Mzimu wa munthu uja ukumutsata." Sitikunyoza chikhulupiriro cha munthu. Akuluakulu akukumbukira kuti nkhondo itatha mu 1992, m'madera ambiri a dziko lino anthu obwera kunkhondo ankawachitira miyambo yowasambitsa asanalowe m'mudzi, ndipo mipingo inkawapempherera. Makolo ankadziwa kuti munthu amene waona imfa zambiri sangangolowa m'nyumba n'kukhala ngati kale. Ankamulandira, ankamuzungulira, ankamuuza kuti ndiwe wathu. Nzeru imeneyo ndi yabwino ndipo tisaitaye.

Chimene tikukana ndi kuchedwa. Banja limagulitsa mbuzi, kenaka ng'ombe, kuyenda kwa asing'anga atatu kapena anayi, pamene wodwala akunka naipiraipira, ndipo mapeto ake amaloza chala agogo ena osalakwa. Pempherani, pitani kumene mtima wanu ukukhulupirira, koma pitaninso kuchipatala sabata yomweyo. Ndipo ngati munthu wasokonezeka mwadzidzidzi, thupi likutentha, khosi lauma kapena wakomoka, musadikire n'komwe. Amenewo akhoza kukhala malungo a mu ubongo kapena matenda oumitsa khosi, ndipo amapha m'masiku ochepa.

Pamene moyo uli pa ngozi

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la OMS limanena kuti anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse. Kwa wapolisi ngozi imakula chifukwa chida chili pafupi. Maganizo ofuna kudzipha nthawi zambiri amabwera mwamphamvu kwa kanthawi, kenaka amachepa. Munthu amene alibe chida pafupi nthawi imeneyo kawirikawiri amapulumuka. Mfuti sipereka mpata woti munthu asinthe maganizo.

Tcherani khutu mukamva mawu ngati awa: "Ndatopa nawo moyo," "Mudzapuma ine ndikachoka," "Ana angawa mudzawasamale." Khalani maso munthu akayamba kugawa katundu wake, kutsanzikana ndi anthu popanda ulendo, kapena kukhala phee modabwitsa pambuyo pa masiku ambiri a kuvutika. Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene banja latha, pamene ngongole zamupanikiza, pamene waimitsidwa ntchito kapena akuyembekeza mlandu.

Ambiri amaopa kufunsa, poganiza kuti kufunsako kumupatsa munthu nzeru yoipa. Sizoona. Kufunsa mwachindunji kumamupeputsa. Mnzake wa pa ntchito angamutengere pambali n'kunena kuti, "Achimwene, masiku ano sindikukumvetsani. Simukudya, simukugona. Ndiuzeni zoona, kodi mukuganiza zodzipha?" Akavomera, musamukalipire, musamulalikire, ndipo musamusiye yekha. Mfuti ikasiyidwe ku posito m'manja mwa komandante. Mankhwala ophera tizilombo m'munda wa fodya, wa mbatata kapena wa tomato, pamodzi ndi mankhwala a makoswe, achotsedwe m'nyumba. Mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Akakupemphani kuti musauze munthu, musalonjeze. Ndi bwino akukwiyireni ali moyo.

Zimene a pakhomo angachite

Inu amayi okwatiwa ndi apolisi, ndi inu abambo amene akazi anu ndi apolisi, ndinu amene mumaona kusintha anthu ena onse asanaone. Sankhani nthawi yabwino, osati pamene munthu waledzera kapena wangofika kumene kuchokera ku ntchito ya usiku. Lankhulani zimene mwaona, osati mlandu. Kunena kuti, "Bambo a ana, chichokereni ku ngozi ija simukugona, ndipo ine zikundidetsa nkhawa. Tiyeni tipite limodzi kuchipatala," kumatsegula khomo. Kunena kuti, "Mwapenga inu," kumalitseka.

Musamukakamize kufotokoza zonse zimene anaona. Ena amafuna kulankhula, ena safuna, ndipo kumukumbitsa nkhani mokakamiza sikuchiritsa. Chimene chimathandiza ndi kumudziwitsa kuti tsiku limene adzafune kulankhula mudzamumvera. Muthandizeni kugona: ana akasewere kutali pamene wagona masana, chipinda chikhale cha mdima, tiyi ndi khofi asamwe nthawi yogona ikayandikira. Kulima kadimba, kusewera mpira, kuyenda ndi kupita ku mapemphero ndi anthu ena kumathandiza koposa mmene ambiri amaganizira. Ana auzeni mwachidule kuti bambo akudwala ndipo si iwo alakwa, chifukwa ana amakonda kudziimba mlandu mumtima.

Koma pali malire. Ngati akukumenyani, akukuopsezani ndi mfuti kapena akuzunza ana, choyamba ndi kupulumutsa moyo wanu. Chokani, pitani kwa achibale kapena kwa amfumu. Lamulo nambala 29/2009 loletsa nkhanza za m'banja kwa amayi limagwira aliyense, wovala yunifolomu ndi wosavala yemwe. Mukhoza kukadandaula ku ofesi yoona za mabanja ndi ana ku polisi, ndipo ngati mukuopa kuti kumeneko kuli anzake, pitani kwa komandante wa boma, ku Procuradoria kapena kuchipatala. Za ana mungaimbenso nambala yaulere ya 116. Kuulula nkhanza si kumupereka mwamuna wanu. Kawirikawiri ndi njira yokhayo imene imachititsa kuti alandidwe mfuti ndi kupita naye kuchipatala zinthu zisanafike poipa.

Kwa apolisi eni ake ndi akuluakulu awo

Tikudziwa kuti tsambali limafikanso ku maposito. Tibwerere ku mfundo ija tinati muisunge. Chimene chimateteza wapolisi kwambiri ndi mnzake. Palibe amene angamvetse zimene munaona pa ngozi kuposa amene munali naye pomwepo. Mukabwera ku ntchito yovuta, khalani pansi limodzi, idyani limodzi, funsanani mawa lake ndi sabata yotsatira. Kuchezako kusakhale kwa pa mowa pokha. Wapolisi wachikulire akanena pamaso pa achinyamata kuti, "Inenso nditatola mtembo wa mwana koyamba sindinagone sabata yathunthu," wachita ntchito imene dokotala sangaichite.

Akuluakulu a maposito ali ndi mphamvu pa zinthu zooneka zazing'ono: kusinthanitsa anthu pa ntchito ya usiku, kupereka tchuthi pa nthawi yake, kulola munthu kupita ku maliro a kwawo, kusatumiza munthu mmodzi yemweyo ku ngozi iliyonse. Wapolisi amene wayamba kujomba kapena kubwera ataledzera angafunike chilango, koma afunsidwenso kuti chavuta n'chiyani. Kumusamutsira ku posito yakutali kwambiri ngati chilango, kumene akakhale yekha ndi mfuti, ndi kuthira mafuta pa moto.

Mawu omwewa akupitanso kwa inu a m'magulu a chitetezo cha m'mudzi, amene mumathandiza apolisi mongodzipereka. Inunso mumaona mitembo, mumalonda usiku, mumadedwa ndi achibale a anthu amene mwawagwira, ndipo maphunziro amene munalandira ndi ochepa. Zizindikiro zonse tafotokozazi zikhoza kukugwerani.

Kuchipatala kuli chiyani?

Ambiri akamva za matenda a maganizo amaganiza za chipatala cha Infulene ku Maputo kapena cha ku Nampula, ndi anthu omangidwa zingwe. Odwala ochuluka safika kumeneko. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 dziko lino lakhala likuphunzitsa anthu otchedwa *técnicos de psiquiatria*, amene amagwira ntchito m'zipatala za m'maboma. Yambirani pa chipatala chimene muli nacho pafupi. Anamwino akuyezani kaye matenda a m'thupi, ndipo ngati pakufunika akutumizani kwa katswiriyo, monga ku chipatala cha Ulónguè kapena ku chipatala chachikulu cha ku Tete. Wodwala amabwera, amathandizidwa, n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Ogwira ntchito ya chipatala ali ndi lamulo losunga chinsinsi cha wodwala.

Chithandizo chili pawiri. Pali kukambirana ndi katswiri kangapo, kumene munthu amaphunzira kupuma modekha mantha akamugwira, kukonza kagonedwe, ndi kuyang'anizana pang'onopang'ono ndi zinthu zimene wakhala akuzizemba, mpaka ubongo utazindikira kuti ngozi ija inatha. Kwa vuto lobwera pambuyo pa zoopsa, njira imeneyi ndiyo yoyamba. Palinso mankhwala, monga fluoxetina ndi amitriptilina, a matenda a kukhumudwa. Mankhwalawa sagwira ntchito tsiku limodzi ngati panado. Pamapita milungu iwiri mpaka inayi, mwina kuposerapo, munthu asanayambe kumva kusintha, ndipo amamwedwa kwa miyezi ingapo ngakhale munthu atayamba kupeza bwino. Ambiri amalakwitsa pamenepa: amamwa sabata imodzi, n'kunena kuti sakuthandiza, n'kuwataya. Masiku oyamba ena amamva kuuma kukamwa, nseru kapena tulo tambiri. Zikatero bwererani mukanene, musangosiya. Ngati wodwala anali ndi maganizo odzipha, mankhwalawo asunge ndi wachibale, azimupatsa a tsiku limenelo okha.

Chenjerani ndi mapiritsi ogonetsa monga diazepam ogula pa msika kapena opatsidwa ndi mnzanu. Amazolowereka msanga, sachiritsa vuto la zoopsa, ndipo akaphatikizana ndi mowa akhoza kuimitsa kupuma. Uzaninso a chipatala mankhwala ena onse amene mukumwa, kuphatikizapo ma ARV, a TB ndi azitsamba.

Pa 10 Seputembala chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira za kupewa kudzipha, ndipo pa 10 Okutobala ndi tsiku la thanzi la maganizo. Magulu a omvera angagwiritse ntchito masiku amenewa kuitana wa chipatala ndi wapolisi wa m'dera lawo kuti adzakhale nawo pa zokambirana. Pokonzekera, kambiranani mafunso awa m'gulu lanu. Kodi m'mudzi mwanu munthu amene wabwera kuchokera ku nkhondo kapena ku ngozi yaikulu mumamulandira bwanji masiku ano? Mkazi wa wapolisi atabwera kwa inu usiku kunena kuti mwamuna wake wakhala pansi ndi mfuti ndipo akulankhula zotsanzika, mungayambe kuchita chiyani, ndipo mungadzutse yani? Mayankho anu alembeni ndi kuwatumiza kuno ku wayilesi kudzera kwa mtsogoleri wa gulu lanu. Musalembemo dzina la wodwala aliyense kapena la mudzi wake.